Chilembo Chofiira pa Miyala Yaiwisi

Ketwell, 17 Meyi 1846

Keziah mkazi wanga,

Ndisanakupatse moni, ndiyambe ndakonza bodza. Wapabwato wandiuza kuti ku Tydney akunena kuti mwamuna wako, uja anapita ku yunivesite kukaphunzira ubusa, tsopano akukumba choko cha ana a sukulu. Pakamwa pamene zachokera ndikupadziwa, ndipo mwini wake ndi amene akukuwerengera kalatayi. Muli bwanji alamu anga a Enoch? Werengani zonse, musadumphe mizere yokukhudzani.

Si choko. Ndi klanchi. N'zoona kuti ndi mwala woyera ndipo umasiya ufa m'manja, koma umapezeka pansi pa choko, ndipo ndi womangira. Matchalitchi a kuno, nkhokwe za tirigu, ngakhale makoma a m'kati mwa holo yodyeramo ku yunivesite, zonsezo ndi klanchi. Zaka ziwiri ndinkatsamira khoma lija ndikuperekera mbale kwa ana a anthu olemera, osadziwa kuti tsiku lina ndidzakumba mwala wake. Alamu anga sangazidziwe zimenezi. Iwo ndi a njerwa, ndipo njerwa ndi matope amene anapita pamoto basi.

Tsopano moni. Ine ndili bwino, kungoti maso akungotuluka misozi, chifukwa dzenje lonse ndi loyera mbuu ndipo dzuwa likawala umayenda chotsinzina. Iwe uli bwanji? Nanga Tabitha chifuwa chija chinatha?

Ntchito yake ili motere. Mwala ukangotuluka pansi umakhala wauwisi, wodzaza madzi, wofewa moti timaudula ndi macheka, wina uku wina uku, ngati tchizi. Tikatero timausanja pansi pa denga la udzu kuti uume chaka chathunthu. Ukauma umalimba, ndipo khoma lake limaona zidzukulu za zidzukulu. Koma ukaumangira panja uli wauwisi, chisanu chimaundanitsa madzi a m'kati mwake ndipo umasweka. Lamulo ndi lomweli basi. Ine ndinalimva tsiku loyamba, koma anthu a kuno amalinena ngati nzeru yofuna zaka makumi anayi.

Mnzanga wa pa macheka ndi Jabez, wa diso limodzi, amene amanditcha Pulofesa. Dzulo anati:

"Pulofesa, matuza m'Chigiriki amati chiyani?"

"Amati mphatso ya anthu opusa."

"Ndiye mwalandira zambiri, taonani manjawo. Kokani bwana, macheka sayenda ndi ulaliki."

Ndatumiza masheleni asanu ndi awiri. Kankhumba usakagulitse, ngakhale akunyengerere bwanji. Denga la kuseri likudontha, udule bango mvula isanawononge mitengo. Ngati alamu anga angafune kuthandiza, uwapatse ntchito yonyamula yokha.

Ndine mwamuna wako,
Lemuel Haylock


Ketwell, 26 Julayi 1846

Keziah,

Moni kwa iwe ndi Tabitha. Ndili moyo, ndipo manja asiya kutuluka magazi. Kalata yako ndalandira. Zilembo za alamu anga zikunka zikhota ngati makoma awo, koma ndawerenga.

Uwauze a ku Tydney kuti andichotsa pa macheka. Bwana Pashler, mwini dzenjeli, wazindikira mochedwa kuti walemba munthu wamutu. Tsopano ndine woyesa miyala. Palibe mwala wokwera bwato ine ndisanauone. Ukakhala wouma ndimaujambula chilembo changa ndi utoto wofiira, L wamkulu, ndipo womanga wa kutali akaona chilembocho safunsanso. Amangomanga.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Umagogoda ndi kanyundo. Wouma umalira ngati belu laling'ono, wauwisi umangoti phu ngati wamenya thumba la ufa. Ukakayika umaikapo tsaya, chifukwa wauwisi umazizira ngati munthu wakufa. Jabez amachita kuunyambita. Akuti wouma umakakamira lilime. Ndinamuuza kuti ine sindinaphunzire Chilatini kuti ndizinyambita miyala, iye n'kuti, "N'chifukwa chake anakuthamangitsani, simunkanyambita zoyenera." Sanandithamangitse. Ndinachoka ndekha, ndipo iwe ukudziwa chifukwa chake.

Ndamva kuti abusa apeza thandizo lomangira sukulu, ndipo ntchito aipereka kwa alamu anga. Mulungu awasunge ana a ku Tydney. Komabe Tabitha akalowe tsiku loyamba lenileni. Wakwana zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo mwana wanga sadzakhala wowerengeredwa makalata ndi amalume ake. Akhale kutsogolo, pamene pali kuwala. Izi usazikambirane ndi munthu, ndalamula.

Ukafuna kugulitsa atsekwe dikira Seputembala. Mikunga imene unatumiza inafika itayamba kununkha, koma tinadya.

Chaka chino aliyense akumanga. Mabwato akuchita kudikirana padoko, ndipo milu ya miyala youma ikutha ngati buledi pamaliro. Bwana Pashler amaima pakati pa bwalo n'kumayang'ana milu yaiwisi nthawi yaitali. Sindikonda mmene amaiyang'anira.

Lemuel


Ketwell, 20 Seputembala 1846

Keziah mkazi wanga,

Ndikhulupirira muli bwino nonse. Ine thupi lili bwino, tulo ndiye tikuvuta.

Za mbatata ndamva. Kunonso zaola m'nthaka, munda wonse kununkha. Buledi wakwera kawiri mwezi uno. Usataye zoolazo, udule mbali yabwino uphikire nkhumba. Anthu ochokera kumpoto akumabwera pageti m'mawa uliwonse kufuna ntchito, ena ndi ana kumbuyo.

Miyala youma inatha mu Ogasiti. Lachiwiri lapitali bwana anandiitanira kuseri kwa mulu umene tinadula mwezi wathawu.

"Haylock, iyi ndi ya m'kati mwa khola la akavalo. Chisanu chilowa bwanji m'khola?"

"Ngati ndi ya m'kati, ipite yopanda chilembo."

"Wogula akufuna chilembo. Anthu amakonda zofiira."

"Siinaume, bwana."

"Iuma m'njira. Tamvera, mnyamata wophunzira. Ukuwaona awo ali pagetiwo? L ndi mizere iwiri yokha. Ngakhale amene sanaone khomo la yunivesite atha kuijambula."

Zimene ndinayankha sindilemba. Bulashi ndikadali nayo, ndipo ndatumiza masheleni asanu ndi atatu.

Mwala wauwisi m'kati mwa nyumba suvuta. Zimenezo n'zoona, funsa aliyense wodziwa. Umauma pang'onopang'ono pamalo pakepo, ndipo makhola ambiri a kuno anamangidwa choncho. Ndikulemba izi kuti udziwe chabe mmene ntchito yathu imayendera.

Jabez sakundilankhula. Ndikadutsa amalavula cha kumbali, ndipo wasiya kunditcha Pulofesa. Ndinkayesa ndidzakondwa tsiku limene adzasiye.

Umpsompsone Tabitha. Nsapato zake uzipititse kwa wosoka zisanang'ambikiretu.

Lemuel


Ketwell, 8 Novembala 1846

Keziah,

Moni. Kalata yako ndaiwerenga katatu nditaimirira padoko.

Ukuti mudzi wonse unapita kumtsinje kukaona miyala yoyera ikutsitsidwa m'bwato, uliwonse uli ndi chilembo changa. Ukuti abusa anagula kwa wamalonda wa padoko lalikulu kuti khoma la kum'mawa la sukulu likongole, ndi zenera lake lalikulu. Ukuti unayenda mutu uli m'mwamba, ndipo amene ankanena za choko anasowa poyang'ana. Ndakondwa kuti unakondwa.

Tsopano alamu, izi ndi zanu, ndipo ndikufunsa mwaulemu, chinthu chimene simunachionepo kwa ine. Bwatolo linafika tsiku liti? Keziah akuti kumayambiriro kwa Okutobala. Akulakwitsa kapena? Mwina linafika mu Julayi n'kukhala padoko? Mwalembanso kuti simunagwirepo mwala womvera chonchi, kuti umadulika ngati batala ndipo munamaliza uta wa miyala wa pamwamba pa zenera masiku atatu okha. Ngati batala, alamu? Ndi mawu anu kapena mumangofuna kukometsa kalata?

Mukanandimvera mukanachita izi. Khomalo mulikute ndi mapesi a tirigu kunja konse, kuyambira pansi mpaka kudenga, mpaka Epulo. Pansi pa uta muimike mitengo iwiri yolimba. Abusa akafunsa muwauze kuti ndi mwambo wa klanchi chaka choyamba. Musandifunse zambiri. Inu ndi a njerwa, ine ndi wa mwala.

Keziah, walembanso kuti alamu anasiya mwala umodzi chilembo chikuonekera m'kati, ndipo Tabitha wasankha kale benchi ya pansi pa zenera kuti azikhala pansi pa L wa bambo ake. Akuti ndi chilembo choyamba chimene wadziwa. Ndinati akhale pamene pali kuwala, ndikukumbuka. Ndasintha maganizo. Pazenera pamalowa mphepo ndipo mwanayo ali ndi chifuwa. Akhale kumbuyo, pafupi ndi chitseko. Ndipo chisanu chikangoyamba, madzi akangoundana m'ndowa, asapitenso mpaka chithe. Usandifunse kuti bwanji munthu amene ndinkalamula sukulu ndikuletsa sukulu. Ndine bambo ake.

Kuno akusimba za woyesa miyala wina, kale, amene anadinda zosayenera kudinda. Anamukweza sitima ya akaidi kupita kutsidya kwa nyanja zaka zisanu ndi ziwiri. Mkazi wake ndi ana anathera kunyumba ya amphawi, kumene amalekanitsa mayi ndi mwana pakhomo. Bwana wake anamwalira ndi ukalamba pabedi lake. Ndi nkhani chabe, anthu amakamba podya.

Malasha ugule tsopano asanakwere.

Lemuel


Ketwell, 10 Januwale 1847

Keziah mkazi wanga,

Moni wa chaka chatsopano. Ndili bwino, kupatula zala za kumapazi zimene sindikuzimva. Pepa kuti sindinabwere pa Khirisimasi. Mtsinje unaundana gwa, mabwato agona m'madzi oundana kuyambira pakati pa Disembala, ndipo anyamata akutsetsereka pamene tinkapalasa. Kudzenje ntchito yaima. Tikungochotsa chipale chofewa pa milu.

Yankho la alamu anga ndalandira. Akuti sangaveke sukulu yatsopano mapesi ngati mulu wa mbatata chifukwa cha nsanje ya munthu wolephera maphunziro. Akuti mitengo pansi pa uta ingauze mudzi wonse kuti Enoch sadziwa kumanga. Zikomo alamu. Mwalemba bwino, mawu awiri okha ndi amene mwalakwitsa.

Ukuti Tabitha akulira tsiku lililonse akamva belu, ndipo aphunzitsi anabwera kudzafunsa ngati akudwala. Ukuti chifuwa alibe, ndipo anthu ayamba kunena kuti ndikuchita dala kuti ndinyozetse mlamu wanga. Anene. Mwanayo alire ali m'nyumba mwako. Wandimvera mpaka pano, ndipo sindinakuthokoze mokwanira pa zinthu zambiri.

Koma ndikuuze, mtima wayamba kukhala pansi. Milungu inayi ya chisanu chimene okalamba akuti sanachionepo, ndipo ukuti khoma lili chiimire, lopanda ndi mng'alu womwe. Kuno pabwalo pali milu ina yofanana ndi miyala ija. Dzulo ndinapita ndi kanyundo. Keziah, ikulira ngati belu! Ndinagogoda mwala ndi mwala, yonse ngwe, ngwe. Ndinaseka ndekha ngati wamisala. Zikuoneka kuti lamulo lija ndi limodzi mwa zinthu zimene anthu osaphunzira amaopsezana nazo, poti palibe anayesapo kuona ngati n'zoona.

Jabez anali chapafupi akusesa. Ndinamuitana:

"Bwera udzamve, katswiri! Nyambita tione!"

Anangondiyang'ana ndi diso lake lija n'kupitiriza kusesa. Kunyada kwa anthu osadziwa kulemba dzina lawo n'kodabwitsa.

Choncho umuuze Tabitha apukute misozi. Chisanu chikangotha, tsiku limene madzi ayambe kudontha kudenga, apite. Akhale pamene akufuna. Ndamugulira kabuku ka zilembo, ndidzabwera nako mtsinje ukatseguka.

Nkhumba uphe tsopano kukuzizira, nyama isungika. Mwendo umodzi upatse alamu anga, aone kuti nsanje yanga ili ndi mafuta.

Mwamuna wako,
Lemuel


Ketwell, Lachisanu, 12 Febuluwale 1847

Keziah,

Moni palibe. Tabitha asapite kusukulu Lolemba. Asapite Lachiwiri. Asayandikire ndi mpanda womwe. Ngati n'kofunika ummangirire kumwendo wa tebulo.

Kalata yako yafika m'mawa uno, yonena kuti kwayamba kufunda, wachapa kale diresi lake ndipo Lolemba apita monga ndinanenera. Ndinanena ndine. Ndinalakwa.

Kunonso kwafunda kuyambira dzulo. Lero cha m'ma teni koloko tili pabwalo tinamva phokoso ngati ngolo yakhuthula mbale. Mulu wa miyala ija ndinkagogoda wagwa wokha, popanda woukhudza. Ndinathamangira pomwepo. Mwala waukulu ngati bokosi la zovala ndinaunyamula ndi manja, unangofumbutuka zidutswazidutswa ngati buledi wonyowa. Jabez anafika pambuyo panga.

"Mwaona, Pulofesa? Belu lanu lija."

"Koma unkalira! Unamva wekha!"

"Unkalira madzi oundana, osati mwala. Chisanu chimauswa m'kati, inde, koma chimaugwiranso ngati guluu. Chikamachoka m'pamene umagwa. Mwana aliyense wa ku Ketwell amadziwa zimenezo."

"Bwanji sunandiuze?"

"Munandifunsa? Inu mumafunsa munthu? Musadandaule, akavalo a bwana adzangodzidzimuka."

Ndinamuuza kuti si akavalo. Ndinamuuza za sukulu, za zenera, za benchi. Munthu uja nkhope inayera kuposa dzenje. Anavula chikhoti chake n'kundiponyera, n'kuti, "Mukuimiranji? Lembani, kenako thamangani."

Enoch, tsopano ndikulankhula ndi iwe, ndipo sindikunyoza. Miyala ya khoma la kum'mawa ndi yaiwisi. Inadulidwa mu Ogasiti, ine ndinaidinda mu Seputembala ndikudziwa kuti siinaume. Anandiuza kuti ndi ya m'khola, ndipo ndinasankha kukhulupirira. Kuyambira Novembala ndakhala ndikudziwa kumene inapita, ndipo ndinaopa ndende. Uta wa pazenera wasweka kale m'kati. Chimene chaugwira ndi madzi oundana, ndipo akusungunuka pamene ukuwerenga pano. Pita kwa abusa lero lomwe, uwaonetse kalatayi. Atseke sukulu, pasalowe mwana wa munthu aliyense. Mlandu ndi wanga, ndalemba ndi dzanja langa, ndasaina pansipa. Iwe sunadziwe, unakhulupirira chilembo. Zonse zimene ndinakunenapo kuyambira tsiku la ukwati wathu ndikuzibweza. Ndiwe mmisiri wabwino. Pita kwa abusa.

Kalatayi ikwera ngolo ya makalata masana ano, yodzera msewu wa kumtunda, ndipo ifika mawa. Ine ndilibe ndalama ya ngolo, ndiyenda pansi kudzera kudambo. Akuti madzi asefukira ndipo milatho ina yapita, koma mamailosi makumi anayi si kanthu.

Keziah, ukamva zonsezi udzandida. Udane nane mwanayo ali m'nyumba.

Lemuel Haylock, woyesa miyala ku Ketwell


Kundende, 21 Malichi 1847

Keziah,

Sindikudziwa amene akukuwerengera tsopano. Aliyense amene muli, moni, ndipo werengani zonse.

Ndili bwino. Amatipatsa buledi ndi phala, ndipo sandimenya. Sunandiyankhe makalata awiri, ndipo sindikudandaula.

Ndikufuna udziwe kuti ndinayesa kufika. Madzi anandiimitsa masiku asanu pamlatho wosweka, ine ndi ogulitsa ng'ombe awiri, tikugona m'khola la munthu. Nditawoloka ndinakumana ndi mayi wina wa nkhuni amene anandiuza osadziwa kuti ndine ndani. Anati khoma la sukulu ya ku Tydney lagwa Lachiwiri m'mawa, ana ali pa pemphero. Anati ovulala ndi anayi, womwalira mmodzi, kamtsikana ka pabenchi ya pazenera. Ndinamufunsa dzina, anati sakudziwa. Mamailosi asanu ndi limodzi otsalawo ndinayenda osadziwa dzina. Pamphambano ndinapeza apolisi awiri akundidikira, ndipo m'modzi ndi amene anandiuza kuti ndi Rhoda, mwana wa a Setchell owomba mabasiketi. Ndinagwada pamsewu n'kuthokoza Mulungu mokweza, pamaso pawo. Chimenecho ndi chimene sindingathe kudzikhululukira, kuposa chilembo. Denga la nyumba yathu ndinaliona patali.

Unachita bwino, khoma litagwa, kutenga kalata ija m'thumba la mchimwene wako n'kukapereka kwa abusa. Usalole munthu akuuze kuti unapereka mwamuna wako ndi mlongo wako. Tinadzipereka tokha.

Enoch ali momwe muno, chipinda cha kutsidya. Timaonana pabwalo akatitulutsa kukawongola miyendo. Sabata yoyamba sitinalankhulane. Kenako ndinamufunsa.

"Kalata inafika Loweruka?"

"Inafika."

"Unawerenga?"

"Ndinamuwerengera Keziah poyamba paja, pa Tabitha. Kwinako ndinawerenga chamumtima."

"Ndinati upite kwa abusa!"

"Ndinagula mitengo. Ndimati ndiimike Loweruka linalo, ana kulibe, anthu asaone. Masiku asanu okha a sukulu, alamu. Khoma linaima miyezi inayi, ndimati lingalephere masiku asanu?"

"Ndiwe chitsiru, Enoch."

"Inde. Ndipo mukuganiza kuti ya Novembala ija sindinaimve? Ndinamva bwinobwino. Denga linali litafoleredwa kale, abusa ataitana kale alendo. Ndinkadikira kuti inu munene poyera. Inu mumadikira ndani?"

Pamenepo Enoch anandigonjetsa. Ndi nthawi yoyamba.

Ndamva kuti anthu sakukupatsa moni, ndipo amayi a Rhoda anaima pakhomo pako kufunsa chifukwa chimene wako anatsalira kunyumba tsiku limenelo. Uwatengere kalata ino. Amve kuti iwe sunadziwe kanthu. Unangomvera mwamuna wako, monga unachitira nyengo yonse yachisanu, ndipo amene ankadziwa ndi amuna awiri amene aliyense anasamala zake. Akakana kumva, tenga Tabitha mupite kwa azakhali ako ku Lynn. Atsekwe ugulitse, bedi usiye. Mwanayo usamuuze za benchi. Akadzafunsa yekha atakula, usamunamize.

Mlandu ulowa mwezi wamawa. Bwana Pashler analumbira kale kuti sanandiuzepo chilichonse, kuti anandilemba ntchito chifukwa cha maphunziro anga ndipo ndinamukhumudwitsa. Dzenje likugwira ntchito. Jabez anati adzabwera kudzanena zimene anaona, ngakhale amuchotse. Loya amene anandipatsa akuti njira ilipo imodzi. Ndinene kuti ndine munthu wa mabuku, sindidziwa mwala, sindinkatha kusiyanitsa wouma ndi wauwisi. Akuti oweruza amamvera chisoni munthu wopusa. Ndamuuza kuti za kusungunuka sindinkadziwa, zimenezo alembe. Koma mwala uliwonse ndinaugogoda, uliwonse unati phu, ndipo uliwonse ndinaujambula ndi dzanja ili. Anatola mapepala ake n'kutuluka.

Dzulo kunabwera munthu wa boma kudzafunsa kumene miyala ina imene ndinadinda sabata ija inapita. Ndamuuza zoona, kuti sindikudziwa. Wamalonda wa padoko lalikulu amagulitsa kwa aliyense wobwera ndi ngolo, ndipo salemba mayina.

Ndinadinda miyala makumi asanu ndi limodzi. Ku Tydney kunafika makumi awiri.